Indiketa ya Kumanja ya Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna ndimawadziwa ndi kumsana. Ndatha zaka khumi ndi zisanu pabanja kuno ku Karonga, koma mutandipatsa pensulo kuti ndijambule nkhope yawo, ndingakujambulireni munthu wina. Msana wawo, khosi lawo lalitali ndi imvi zimene zimasuzumira pansi pa chisoti, zimenezo ndingazizindikire ngakhale pakati pa msika wa pa Boma.

Si mwano, ndi mwambo wa pakhomo pano. Ine ndine Modesta, kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kudzaphunzitsa kupulayimale, kenako ndinakwatiwa ndi Ipyana, Mnkhonde. Tsiku limene ndinalowa pakhomo, apongozi aakazi, amene tsopano ndi malemu, anandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sakhala nawo pakhonde limodzi, sayankhula nawo, ndipo dzina lawo salitchula. Makomo ambiri anazisiya zimenezi, koma pathu pano ayi. Poyamba zinkandiwawa, chifukwa kwathunso ulemu ulipo koma sitithawana ngati wina ali ndi chikuku. Ndinazolowera. Dzinalo ndilemba kamodzi kokha, poti kulemba si kutchula: a Ambokile Mwakikunga.

Anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kuchokera ku Vinthukutu mpaka kumalire a ku Songwe, ndi makola ochepa amene sanapondemo ndowe. Kuntchito anawapatsa njinga yamoto yofiira, ndipo atapuma, njinga zakale zikugulitsidwa, anapempha kugula yomweyo. Kufiirako kunatha kalekale. Mpando anausoketsa katatu. Ikamalira m'mawa imayamba yatsokomola kaye, koma sinawasiyepo panjira, ndipo aliyense wobwera pakhomo pano amauzidwa zimenezi, afune asafune.

Mpaka lero anthu amawafunabe. Wina ng'ombe yatupa mimba, wina thole lakana kuyamwa, iwo amakoleka chikwama cha mankhwala paphewa n'kunyamuka. Lachiwiri ndi Lachisanu amapita ku Boma ndi mikoko ya nthochi kapena thumba la chinangwa, pobwera amatenga deya wa mpunga wa ng'ombe zawo ziwiri. Chimwalirireni mayi zaka zitatu zapitazo, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi njingayo.

Ndiye pali nkhani ya maindiketa, tinyali tachikasu tija tosonyeza mbali imene munthu akukhotera. Anyamata ambiri a kabaza amakhota ndi mtima wokha, wakumbuyo adziwonere. Apongozi anga amayatsa paliponse. Pali mtengo wa mango pamene kanjira kathu kamakhotera kumanja kulowera kumsewu wa M1. Galimoto sinadutsepo chiyambire, koma iwo amayatsabe, kaya n'kuti nkhuku zidziwe. Anaikitsanso mahazadi, oti tinyali tonse tinayi tiziphethira pamodzi, chifukwa maliro a kumpingo kwathu akamachokera kuchipatala, ndi iwo amatsogolera galimoto ya bokosi kuti madalaivala ena achepetse liwiro.

Zonsezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Mkamwana sangasese bwalo apongozi ali pomwepo, choncho m'mawa ndimaima kuseri kwa mpanda wa bango wa kukhitchini, tsache lili m'manja, kudikira kuti achoke, ndisese, ndithamangire kusukulu. Pampandapo pali kampata. Ndikaona njinga yakhota pa mango paja, ndimatuluka.

Ngozi inachitika Lachisanu lina mu Okutobala, masana, dzuwa la kuno lija loti ngakhale agalu amaiwala kuuwa. Ankachokera ku Boma ndi matumba awiri a deya. Kuti ulowe kwathu kuchokera ku Boma umakhotera kumanja, kudula msewu. Kumbuyo kwawo kunali lole ya mafuta yopita ku Tanzania, ndipo dalaivala anayamba kuipitirira njingayo nthawi yomweyo imene iwo anayamba kukhota. Hutala inalira, matayala anakhukhuza tala, iwo anabweza njinga kumanzere n'kukagwera m'ngalande. Anabinya phewa lamanzere ndi kusupuka bondo. Amene anaona amagwira pakamwa akamafotokoza mmene tayala la lole linawaphonyera.

Anthu anamasula matumba, nadzutsa njinga. Dalaivala ankanjenjemera kuposa wogwayo.

"Mzee sanayatse kanthu!" ankatero, akusakaniza ndi Chiswahili. "Haki ya Mungu, kumbuyo kunalibe nyali!"

"Ndinayatsa," anatero apongozi ali m'ngalande momwemo. "Ndinaiona ndi maso anga ikuphethira kutsogoloku."

Amayi awiri ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anagwirizana ndi dalaivala. Wapolisi atafika anatembenuza kiyi, nakankha swichi kumanja, ndipo nyali zonse ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zinaphethira bwinobwino anthu onse akuona. Ngati nyali zilibe vuto, ndipo anthu atatu sanaone nyali, wotsala ndi ndani? Ipyana atafika, wapolisiyo anangomukokera pambali n'kumufunsa zaka za bambo ake.

M'mawa mwake Ipyana anandipeza kukhitchini. Maso ake anali ofiira. Ndi kalaliki pa Boma, munthu wofatsa, koma anaika mayi ake m'manda ndipo sankafuna kukatola bambo ake pamsewu ndi fosholo. Zimenezo ndinkazimvetsa.

"Mayi a Carol," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wathu amene ali kusukulu yogonera, "inu mumawaona tata akamachoka. Pa mango paja amayatsabe ngati kale?"

Pakamwa panga sipachedwa. Ndi chilema changa, kusukulu amandidziwa nacho.

"Masiku ena amayatsa, masiku ena ayi," ndinayankha. "Zayamba miyezi iwiri yapitayi."

Zinali zoona. Ndinkaziona, n'kumaseka ndekha kuseri kwa mpanda kuti lero nkhuku sizinauzidwe. Sindinaganize kumene mawuwo akupita mpaka Ipyana atatuluka nawo kulunjika kukhonde kwa bambo ake.

Anayankhula m'Chinkhonde, koma zaka khumi ndi zisanu zandiphunzitsa kumva, ndipo mpanda wa bango susunga chinsinsi.

"Tata, kiyi uja ndisunge ine."

"Chifukwa cha dalaivala amene akuteteza ntchito yake?"

"Amayi aja nawonso sanaone."

"Amayi aja maso awo anali pa tomato. Iwe mwana, ndinayamba kuyendetsa njinga usanabadwe. Ndinayatsa."

"Ngakhale mkamwana wanu waona, tata. Akuti masiku ena pa mango simuyatsa. Akuti papita miyezi iwiri."

Ndinadikira kuti akalipe, kuti anene kuti mkazi wa ku Dedza adziwa chiyani za njinga. Bola akanatero. Koma iwo ankadziwa kuti ine ndilibe lole yoti nditeteze, ndilibe tomato, ndipo ndimawaona tsiku lililonse. Patapita nthawi ndinamva kiyi akugwera pakatebulo.

Anapempha chinthu chimodzi chokha. Anati Gregory, makaniko wa pa Boma amene wakonza njingayo zaka makumi awiri, abwere pakhomo adzaitsegule yonse iwo akuona. Akapanda kupeza vuto, ndiye kuti vuto ndi iwo, ndipo njinga ipite. Gregory anali ku Kyela, ku Tanzania, kokagula zipangizo, kubwera kwake kunali Lachisanu. Anapangana za Loweruka. Ipyana sanachedwe kupeza woitenga, Brave, wakabaza wa m'mudzi wa tsidya la msewu, amene ankaisirira kalekale kuti azinyamulira makala.

Sabata imeneyo sindidzaiiwala. Lamulungu ndi Lolemba ankauzabe aliyense wobwera kudzazonda kuti anayatsa. Lachiwiri ananena kamodzi, motsitsa. Kuyambira Lachitatu sananenenso. Tsiku lomwelo a Manase a ku Uraha anabwera pa minibasi, ng'ombe yawo yamkaka ikudwala, ndipo anadzipereka kuwalipirira galimoto. Apongozi anakana. Anati apite kwa alangizi achinyamata, iwo sangabayenso ng'ombe ya munthu. Madzulo ake ndinawaona pakampata kaja atakhala pakhonde, atandifulatira monga mwa masiku onse, akutchula okha mayina a madibu onse osambitsira ng'ombe amene anagwirako ntchito, uku akupinda zala. Akasokoneza dzina limodzi ankayambiranso. Munthu ankadziyesa yekha mayeso kuti aone ngati mutu ulipo. Ndinalowa m'khitchini n'kulira ndi mkwiyo, ndipo amene ndinamukwiyira ndi ine ndemwe.

Lachisanu nditaweruka ndinapita kukasesa mushedi momwe njinga imagona. Pamsomali panali patapachikidwa malegeni, timizere ta mphira todula ku chubu chakale, timene amamangira katundu pakaliyala. Limodzi linagwa, ndinawerama kulitola, ndipo ndili chiweramire ndinayamba kukumbukira m'mawa uliwonse wa miyezi iwiri ija. Masiku amene nyali inkaphethira, ndinkaona chiyani? Ndinkaona msana wa malaya awo oyera a kutchalitchi, kapena lamba wa chikwama cha mankhwala. Masiku amene sinkaphethira, msana sindinkauona. Ndinkaona nthochi. Ndinkaona thumba la chinangwa.

Ndinadzifunsa ngati katunduyo ankangoibisa nyaliyo. Ayi. Kagalasi kachikasu ndinkakaona bwinobwino m'munsi mwa katundu, kali kozima. Ndinabwerezanso masiku m'mutu. Lamulungu, imayaka. Pamaliro a mayi wina wa kwaya, inayaka. Lachiwiri ndi Lachisanu, zii. Kodi munthu woiwala amaiwala motsata kalendala?

Loweruka m'mawa ndinamuuza Ipyana. Anandiyang'ana motopa.

"Sabata yatha munati samayatsa. Lero mukuti amayatsa. Ndimvere ziti?"

"Zonse ziwiri. Iwo amayatsa, nyali siyaka. Auzeni a Gregory ayese njinga ili ndi katundu."

"Nthochi zimadya magetsi?" anatero. "Mayi a Carol, mukuwamvera chisoni, nanenso ndikuwamvera chisoni. Koma mukawapatsa chiyembekezo chabodza, mawa abwerera pamsewu, lole ina siwaphonya. Gregory ndi fundi, ntchito yake aidziwa. Inu khalani kukhitchini."

Kundiuza ine kuti ndikhale kukhitchini! Ndinameza mawu amene anafika pakhosi, chifukwa Gregory anali akulowa kale pabwalo.

Ndi munthu wamfupi, wa dazi, wosatseka pakamwa. Anabwera ndi thumba la masipanala ndi kababu koyesera moto, kokhala ndi mawaya awiri. Brave anafika pambuyo pake, chisoti chili m'manja, nakakhala pansi pa mtengo ngati mlendo wa pamaliro amene wadzera nyama. Njinga anaiimika pakati pa bwalo. Apongozi anakhala pakhonde, mkono uli pansalu yokoleka m'khosi. Ine ndinali pamalo anga, diso pakampata.

"Mdala, musadandaule," anatero Gregory. "Pikipiki iyi ndimaidziwa kuposa mkazi wanga. Ngati muli kachirombo, tikapeza."

Anayamba ndi batire. Anagusa kababu kake pamitu yonse iwiri, kanawala kwambiri. Anachotsa fyuzi, naiyang'ana padzuwa, inali yosapsa. Anamasula magalasi onse anayi, natulutsa mababu limodzilimodzi, kuliwomba ndi chala pafupi ndi khutu, kulipukuta, kulibwezera. Onse anali amoyo. Kenako anachotsa mpando n'kutulutsa kachitini kamene amati fulasha, kamene kamachititsa kuti nyali ziziphethira. Anakachotsa, naika katsopano kochokera m'thumba mwake. Palibe chinasintha. Anabwezera kakale.

"Swichi," anatero apongozi. "Tsegula swichi."

Anaitsegula. Munali fumbi ndi nyerere imodzi yakufa. Gregory anainyamula ndi nsonga ya waya n'kuwaonetsa, koma palibe anaseka. Anapala timkuwa tam'katimo, natseka, nakankha kumanja. Thi, thi, thi, nyali zonse ziwiri. Kumanzere, chimodzimodzi.

Ndinaona kuti nayenso ankafunitsitsa kupeza kanthu. Anasiya nyali zikuphethira n'kuyamba kupotokola chiwongolero uku ndi uku, chifukwa akuti mawaya a njinga zakale amaduka pakhosi pomwe amapindika. Anagwedeza mtolo wonse wa mawaya ndi dzanja, kuchokera kutsogolo mpaka kumchira. Analiza injini, naikweza mpaka nkhuku zinathawa. Anakwera, napita pa mango, nabwerera, napitanso, kudutsa dala m'mabampu, Ipyana ataima kumbuyo kuyang'ana. Nyali sinaphonye ngakhale kamodzi. Pomaliza anayatsa mahazadi. Tinyali tonse tinayi tinaphethira pamodzi pakati pa bwalo, mokongola, ngati tikutiseka.

Anazimitsa injini. Anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene mafutawo ankafunikira.

"Pole, mdala," anapepesa, osayang'ana kukhonde. "Ndayesa zonse. Njinga ilibe mlandu."

"Ndagha," anathokoza apongozi m'chinenero chawo. Mawu awo anali aang'ono. "Ipyana, mpatse mnyamatayo kiyi."

Brave anadzuka, nasasa fumbi kumatako. Ipyana anatambasula dzanja kuti azule kiyi panjingapo.

Ndinadziwa zimene mwambo umanena. Ndikatuluka pabwalo iwo ali pakhonde, ndawavula ulemu pamaso pa alendo, ndachititsa manyazi mwamuna wanga, ndipo mawa azimayi a pamjigo akhala ndi nkhani ya mwezi wathunthu. Choopsa kwambiri, iwo ayenera kudzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo akalowa, nkhani yatha, njinga yapita. Komanso mwina ndinkalakwitsa. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 4, za magetsi ndimangodziwa kuti amazima. Koma mawu amene anawalanda kiyi anatuluka pakamwa panga, ndipo panalibe wina woti akawabweze.

Matumba awiri a deya aja anali kuseri kwa khitchini. Ndinakoleka malegeni m'khosi, ndinafunda chitenje kumutu, ndinagwira thumba limodzi m'makona n'kulikoka, kuyenda chafutambuyo kuti nkhope yanga isaloze kukhonde. Ndinatulukira pabwalo choncho, matako patsogolo, thumba likukwekwereza fumbi.

"Mayi a Carol!" anakuwa Ipyana. "Mutu ukugwira? Tata ali pano!"

Ndinasiya thumbalo pafupi ndi njinga, ndinabwerera kukakoka linalo. Kenako ndinagwada kumbuyo kwa njingayo, maso pansi.

"A Gregory, ndikuyankhula ndi inu," ndinatero. "Njingayi mwaiyesa ili yokha. Apolisi anaiyesa matumba atamasulidwa. Tsiku la ngozi inali ndi matumba awa. Ndikupempha eni ake awamange mmene amamangira masiku onse, ndiye muyesenso."

"Mama," anatero Gregory mwaulemu, "ine ndakwerapo, ndine wolemera kuposa deya."

"Inu simunamangidwe ndi malegeni."

Ndinamva mpando ukulira pakhonde. Adzuka. Ndinatseka maso kudikira kulira kwa chitseko. M'malo mwake ndinamva nkhwaira zikukwekwereza pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukutsalira, kubwera kumene ndinali. Zinaima pafupi kwambiri moti ndinaona zala za kumapazi kwawo. Chiyambire sindinakhalepo nawo pafupi chonchi.

"Kwezani matumba," anauza amunawo.

Gregory ndi Brave anakweza pakaliyala. Ine ndinaika malegeni pansi, osawapatsa m'manja. Ndinkangoona manja awo okha. Ndi dzanja lamanja anakola legeni pakangowe ka kumanzere kwa kaliyala, naliponya pamwamba pa matumba, nazungulira mbali inayo. Kumanjako kangowe kunalibe, panali chitsa chabe chadzimbiri. Mosaganiza n'komwe, monga munthu wochita chimene wazolowera, anakulunga legenilo pakamtengo kachitsulo kamene kamagwira indiketa ya kumbuyo.

Gregory analiza kaluzu. "Mdala, kangowe aka kanathyoka liti?"

"Mu Ogasiti."

"Miyezi iwiri," anatero Gregory chapansipansi. Anatembenuza kiyi, nakankha swichi kumanja.

Nyaliyo inali patsogolo pa mphuno yanga. Inaphethira. Thi, thi, thi. Yowala bwino, yachikasu, yopanda manyazi. Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

"Basi," anatero Ipyana ndi mkwiyo. "Basi, mwatichititsa manyazi mokwana. Bwererani."

Ndinatsala pang'ono kudzuka. Koma ndili pomwepo ndinaona thumba lapamwamba likupendekeka lokha. Legeni linali lolendewera, munthu ukhoza kulowetsapo dzanja. Alimanga ndi mkono umodzi, winawo uli pansalu.

"Katundu womangidwa chonchi sangafike ku Boma," ndinatero. "Agwa pa mango pomwepa. Masiku onse amaponda thumba ndi bondo n'kukoka ndi manja awiri mpaka legeni limalira. Bambo a Carol, kokani inu."

"Sindikoka kanthu. Ndati bwererani."

"Koka," anatero apongozi.

"Tata…"

"Ndati koka."

Ipyana anabwera mokwiya, nagwira legenilo mokwiya, naponda thumba ndi bondo, nakoka ndi mkwiyo wonse umene anali nawo pa ine. Mwina zinathandiza. Mphira unatanuka, unalira, iye naukulunga kawiri pakamtengo kaja. Ndinaona kamtengoko kakupendekera m'mwamba pang'ono, pang'ono kwambiri, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

Nyali inazima.

Fulasha inkamvekabe, thi, thi, thi, pansi pa mpando. Brave anathamangira kutsogolo.

"Kuno ikuyaka!" anakuwa. "Yakutsogolo ikuphethira bwinobwino!"

"Masulani," anatero Gregory. Ipyana anamasula, nyali inabwerera. "Kokani." Anakoka, inazima. Anabwereza katatu, ndipo kachitatu Ipyana ankakoka ngati munthu amene sakufuna kuona zimene manja ake akuchita. Gregory anayatsa mahazadi katundu ali chimangire. Tinyali titatu tinaphethira, kachinayi kali kakufa.

Kenako Gregory anayamba kuyankhula, ndipo safuna kupemphedwa. Anamasula bawuti yogwira kamtengo kaja n'kutionetsa. Inali yofiira ndi dzimbiri, yodyeka mbali imodzi. Anati moto ukalowa m'babu umayenera kubwerera ku batire, ndipo panjinga zakale zimenezi subwerera pa waya, umabwerera kudzera m'chitsulo cha njinga, podutsa pa bawuti imeneyi. Ndiwo amati ethi. Dzimbiri linali litadya ponse kupatula kachigawo kamodzi. Njinga ikakhala yopanda katundu, kachigawoko kankagunda, nyali n'kuyaka. Legeni likakoka, kankanyamuka, njira ya moto n'kuduka.

"Nanga bwanji iwo sanadziwe?" anafunsa Ipyana.

Gregory anakanda dazi lake. "Apa ndiye pali dzanja langa, bwana. Fulasha yakale ija inali ndi khalidwe. Babu limodzi likafa, linalo linkasiya kuphethira, limangoyaka, woyendetsa n'kudziwa kuti kumbuyo kwavuta. Itatha chaka chatha ndinaika iyi ya masiku ano. Iyi ilibe nazo ntchito, imaphethira ngakhale babu litatsala limodzi. Mdala akayang'ana kutsogolo amaona zonse zili bwino. Kumbuyo munthu alibe maso."

Anapala dzimbiri mpaka chitsulo chinawala, naika bawuti yatsopano, nakoka waya wapadera kuchokera pa nyali mpaka pa batire kuti moto usadalirenso bawuti. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Anati Lolemba akawotcherere kangowe katsopano, ndipo akadzamvanso kuti legeni lakulungidwa pa indiketa, adzabwera yekha kudzalanda kiyi. Anamuuza Ipyana akokenso, nakoka ndi mphamvu zake zonse. Nyali inapitiriza kuphethira. Brave anavala chisoti chake, nati akaone kaye makasitomala kumsewu, ndipo palibe anamuletsa, koma anangofika pachipata n'kuima.

Ine ndinali chigwadire. Maondo anali atachita dzanzi, koma kuti ndidzuke ndinayenera kudutsa pamaso pawo, ndiye ndinangokhala, chitenje chili kumutu. Gregory anazula kiyi n'kumupatsa Ipyana, poti ndi amene anamupatsa. Ipyana anamuyang'ana kiyiyo m'dzanja mwake. Kenako anagwada pafumbi, buluku la kuntchito lomwelo, namutambasulira bambo ake ndi manja awiri.

Iwo sanalandire msanga. Ndinaona nkhwaira zawo zikupita kutsogolo kwa njinga, zikubwerera kumbuyo, zikuima pafupi ndi nyali ija. Dzanja lawo linatsika n'kugwira kagalasi kachikasu. Ndinayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Anali ndi ufulu wonse wotikalipira, kuyambira mwana wawo mpaka ine. Koma pamene anayankhula, sankayankhula ndi aliyense wa ife, ndipo mawuwo anatuluka ngati funso la munthu amene wakhala masiku anayi akuopa yankho.

"Ndiye kuti ndinayatsadi."

Ipyana anali chigwadire, kiyi ali m'manja awiri, akulira mosabisa pamaso pa mkazi wake, makaniko ndi wakabaza.